Mapulani a Msika wa Nsomba

Ofelia Zabaraín atakankha chitseko cha laibulale ya bungwe la akatswiri ojambula mapulani a nyumba, fungo linamulandira ngati la thaulo lonyowa loiwalika m'chikwama. Anali atabwerera kugombe la kwawo ku Colombia imvi zili mbuu, atakalambira ku Montreal, mzinda wozizira wa ku Canada. Kampani ina inkafuna kugwetsa msika wakale wa nsomba, ndipo loya anamuuza kuti popanda mapulani oyambirira a msikawo palibe choimitsira.

"Ofelita! Chisanu sichinakuphe?" anafuula Nicanor Visbal, mnzake wa kuyunivesite, yemwe tsopano anali tcheyamani wa bungwelo.

"Chafa muno n'chiyani, Nicanor? Kapena ndiwe?"

"Pakamwa pako pokha sipanakalambe, mlongo."

Ofelia anakweza maso. Kale mazenera a chipindachi anali a timatabwa topingasa, mphepo ya kunyanja inkangodutsamo mpaka kukutsegulira tsamba usanamalize kuwerenga. Tsopano panali magalasi okhaokha, omatidwa mbali zonse, akutuluka thukuta.

"Tinawina nawo mphoto amenewa," anatero Nicanor. "Taona kuwalako!"

"Nanga mpweya?"

"Makina oziziritsa alipo. Tikungodikira kachitsulo kena kuchokera ku Miami."

"Kuyambira liti?"

Nicanor anayamba kuyang'ana nsapato zake.

Ofelia anakoka dirowa yaikulu yosungira mapulani. Inakana, kenaka inatseguka mwadzidzidzi, mphemvu zili balalabalala. Mapepala anali atamatirana, chuku chobiriwira chitamera ubweya pamwamba. Atayesa kunyamula la msika, linatsalira m'zala zake ngati buledi woviika mu khofi. Denga la msikawo, limene mphunzitsi wawo wa kuyunivesite analijambula ndi inki mzere ndi mzere, linali banga lakuda basi.

"Usadandaule, tikhazikitsa komiti," anatero Nicanor.

"Komitiyo ukaikhazike m'dirowamu. Ndibwereke tepi yoyezera. Ndikauyeza ndekha msikawo, ndiujambulenso."

"Pamsinkhu wakowu? Ukwera makwerero iweyo?"

"Tepi, bambo tcheyamani."

Nicanor anafunsa mlembi, mlembi anakafunsa mlonda, mlonda anabwera ndi chingwe choyanikira zovala. M'nyumba yonse ya akatswiri munalibe tepi ngakhale imodzi.

Ofelia anapukutira zala zake pamkono wa jekete loyera la Nicanor, pang'onopang'ono, chala ndi chala. Kenaka anatuluka, nalowera kumsika, kukabwereka tepi kwa akalipentala okhoma mabokosi a nsomba.