Bambo pa Khomo Lachiwiri

Ndinalota ndalembedwa ntchito mkati mwa kompyuta yanga yomwe, yakale ija imene imakhala pansi pa tebulo mushopu yanga ku Mchesi. Anali masana, kunja kukutentha, ndipo tulo tinandipeza nditatsamiza mutu pamkono. Sindinadabwe. Nditatha zaka khumi ndi chimodzi ndikukonza makompyuta a anthu, kulowamo ndinangoona ngati andikweza pantchito.

Mkatimo munali chipinda chachitali, pansi pobiriwira, tingalande tamkuwa tikuyenda madzi ofunda. Mphepo inkawomba mbali imodzi yokha. Kumanja kunali makomo anayi, lililonse ndi babu pamwamba pake, ndipo pakati panakhala mayi wina atandifulatira, akulemba pabolodi ndi choko. Ndinawadziwa ngakhale nkhope yawo sindinaione. Ife okonza timawatchula kuti kenelo. Ndiwo phata la zonse. Chilichonse chimene mwalumikiza kukompyuta, kaya fulashi kaya disiki, sichigwira ntchito iwo asanachizindikire ndi kuchipatsa dzina.

"Mwachedwa, mayi," anatero. "Imani pakhomo. Mlendo akafika mumufunse kuti ndi ndani, anamupanga ndani, ndi wamkulu bwanji. Ine ndiwerenga mpaka makumi atatu. Mufunsa katatu. Akapanda kuyankha, ndiye kuti pakhomopo palibe munthu."

"Ngakhale ndikumuona?"

"Kuno sitiona. Timamva mayankho."

Lamulolo linandisangalatsa, ndisaname. Ine zozungulira sindigwirizana nazo. Kasitomala akayamba kundifotokozera za mvula ya kwawo ndimamudula pomwepo, ndimati bambo, chavuta n'chiyani?

Babu la khomo loyamba linayaka. Nditatsegula ndinapeza mseu wa kumsika, ndipo pakhomo panaima kamayi kakafupi kovala zabuluu, katasenza mtolo wa makalata ofunsira ntchito. Inali fulashi ya kasitomala wanga wina. Ndisanamalize funso kanali katayankha kale zonse zitatu. Kenelo anatambasula dzanja osatembenuka, anawerenga tsamba loyamba la mtolowo kuti adziwe mmene katunduyo wagawidwira, kenako analemba pabolodi dzina limene anakapatsa, sdb, pansi pa sda, disiki ya kompyutayo, amene anali mwini nyumba. Atangomaliza kulemba, mpando unamera pansi ngati bowa, kamayiko n'kukhala.

Ndiye kunamveka kugogoda pa khomo lachiwiri. Go. Go. Go. Kugogodako ndinakudziwa. Inali disiki imene ndinalumikiza tulo tisanandibe.

Zaka zitatu zapitazo bambo anga ali m'chipatala ananena kuti akufuna andiuze za mayi anga. Mayi anamwalira ine ndili ndi miyezi isanu, ndipo kupatula dzina lawo palibe chimene ndimadziwa, chifukwa bambo ankangotuluka panja nkhaniyo ikayamba. Tsiku limene anafuna kulankhula, ine ndinali ndi makompyuta asanu akundidikira. Komanso bambo akayamba nkhani ankayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Ndinatsegula chojambulira mawu pafoni, ndinaisiya papilo, ndinati, "Lankhulani apa, ndidzamvera." Analankhula ndi foni maola awiri. Sabata yomweyo anatisiya. Mawuwo ndinawasamutsira mudisikiyo, foni ija inabedwa, ndipo sindinamvereko ngakhale mphindi imodzi chifukwa cha manyazi. Tsiku limene ndinalimba mtima, disiki inayamba kugogoda m'malo motseguka.

Ndinatsegula khomo. Kuseri kwake kunali mtsinje wa Linthipe, wodzaza, ukuyenda popanda phokoso lililonse. Bambo anaima pamchenga atavala jekete limene tinawaika nalo m'manda, chipewa chili m'manja. M'khwapa anapanira mbale yonyezimira ya m'kati mwa disiki, imene inkazungulira pang'onopang'ono, kuima, kugogoda, n'kuyambanso.

"Odi," anatero.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti lowani.

"Funsani," anatero kenelo kumbuyo kwanga.

"Ndinu ndani?" Mawuwo anatuluka okha.

Bambo anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikalandira chinthu ndi dzanja lamanzere. Kwathu ku Dedza mlendo safunsidwa dzina ali chiimire. Umamulandira katundu, umamupatsa pokhala ndi madzi, umagwada n'kumulonjera, ndipo chimene wadzera amachitulutsa yekha nthawi yake ikakwana. Bambo ndiye ankanyanya. Tsiku lina anabwerera pakhomo pa mlamu wawo atayenda mtunda wa maola atatu, chabe chifukwa wina anawafunsa kuti mwadzatani asanawayalire mphasa.

Kenelo ankawerenga pomenya choko pabolodi. Atafika makumi atatu, khomo linadzitseka ndipo babu linazima.

"Ndi bambo anga amenewo," ndinatero. "A Gwaza. Lembani."

"Mlendo amadzitchula yekha. Mukamawatchulira inu, mawa mudzalowetsa aliyense."

"Ndiye apatseni kaye mpando."

"Mpando ndi wa amene dzina lake lalembedwa."

Babu linayakanso, khomo n'kutseguka. Bambo anali ataima chapatali pang'ono, madzi akunyambita nsapato zawo koma osazinyowetsa.

"Ndinu ndani?" ndinafunsa. Kenako ndinakuwa, "Ababa, ingonenani dzina basi! Mawu awiri okha, mulowe! Mwambo tikachitira m'kati!"

Anatembenuza chipewa m'manja. Anayang'ana pansi pamene panayenera kukhala mphasa, kenako anayang'ana ine. Mtima unandipsa. Ndinali pakati pa anthu awiri ouma mitu, wina wakufa, wina wopanda nkhope, ndipo aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Mkwiyowo utaphwa panatsala mantha okhaokha, chifukwa ndinadziwa kuti kwatsala kufunsa kamodzi. Ndakhala ndikuuza anthu ambiri pashopu kuti pepani, disiki yanu siikuoneka, ndipo ndimawauza ndikutafuna chingamu.

Makumi atatu. Khomo linatsekeka.

"Komaliza," anatero kenelo.

Litatseguka kachitatu, bambo anali ataima pafupi ndi mwala wina m'mbali mwa mtsinje, atavala chipewa ngati munthu wotsanzika. Sindinafunse. Ndinadutsa pakhomopo n'kuponda mchenga. Unali wozizira. Ndinavula juzi langa n'kuliyala pamwala, ndinawalandira mbale yozungulira ija, ndinatunga madzi ndi manja awiri n'kuwapatsa. Anamwa. Anakhala pansi, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Ndinagwada.

"Mwayenda bwanji, ababa?"

"Tayenda bwino, Nabanda. Kaya inu kuno?"

Anali mawu awo enieni, okhala ngati ali ndi mchenga pang'ono, ndi kakhosomole kawo kakumapeto. Ndinalira ngati mwana. Kumbuyo kwanga ndinamva khomo likutsekeka, koma sindinacheuke.

Anandifunsa za ana, mmodzimmodzi, ndi za denga la nyumba ngati linasiya kudontha. Ndinayankha zonse. Mbale ija inali pamiyendo panga, ikuzungulira bwinobwino tsopano, osagogoda.

"Mayi ako," anatero, "ndinakumana nawo chaka chimene madzi anakokolola mlatho wa kumunsi uku. Koma kuti umvetse bwino, ndiyambe ndi njinga."

Ndinakhazikika pamchenga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinawadule. Njingayo inali ya amalume awo, inalibe mabuleki, ndipo belu lake ankaliza ndi supuni.

Babu linayaka kumbuyo kwanga, kuwala kwake n'kugwera pamadzi.

"Pa khomo lachiwiri pafika mlendo wina," anatero kenelo. "Mayi inu, ndinu ndani?"

Choko chinayamba kumenya bolodi. Ndinamvetsa pomwepo. Tsopano wapanja ndinali ine. Ndikayankha, ndilowa ndekha, chifukwa mwayi wofunsa bambo unali utatha. Ndikapanda kuyankha, ndiye kuti pakhomopo palibe munthu, ndipo ana anga pochokera kusukulu akandipeza mushopu mutu uli pamkono, akandigwedeza mpaka kutopa.

Ndinatseka pakamwa. Khumi. Bambo anali akutsetsereka ndi njinga kulowera kumtsinje, thumba la mbatata kumbuyo, mapazi akukwekwereza pansi. Khumi ndi zisanu. Pamadzi panali atsikana akuchapa, ndipo onse anathawa kupatula mmodzi. Makumi awiri.

"Ndinagwera m'madzi pafupi ndi mapazi ake, mbatata zili yandayanda. Ndiye anaseka. Iwe, mayi ako akamaseka ankachita..."

Anadukiza nkhani. Anapendeketsa mutu kumvetsera choko.

"Akukufunsa."

"Pitirizani, ababa. Ankachita bwanji?"

"Munthu wamkulu akukufunsa, iwe uli chete? Ndinakulera choncho ine?"

"Chonde, ababa, malizani kaye."

Makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anandilanda mbale ija pamiyendo n'kuibwezera m'khwapa.

"Nabanda. Yankha."

"Mwandida Gwaza," ndinatero.

Ndinadzuka mkono utachita dzanzi, thukuta lili chuchuchu. Panja wina ankaitanira makasitomala a chinangwa. Pa sikirini panali mayina awiri okha, sda ndi sdb. Disiki ya bambo inali itasiya kugogoda. Ndinaiika kukhutu, ndinasintha chingwe, ndinayesa pa kompyuta ina, ndinaitsegula ngakhale ndimaletsa anthu kutero. Sinazungulirenso.

Ana atafika anandipeza nditakhala pansi pasimenti. Wamkuluyo anandifunsa chimene chachitika, ndipo ndinamuuza kuti agogo ake aakazi ankaseka. Anandifunsa kuti ankaseka bwanji.

Ndinamuuza kuti sindikudziwa.