Chijasi cha ku Mangalande

A Pilato Nakhumwa sanali munthu wabodza, ayi. Vuto lawo linali lakuti pakamwa pawo pankathamanga kusiya nkhani m'mbuyo. Mwana wawo Ireen, dokotala amene anakhala chaka chathunthu pakhomo akudikira kulembedwa ntchito, anangotchula kuti watumiza makalata ofunsira ntchito ku Mangalande. Kutacha, msika wonse wa pa Chinakanaka unali utamva kuti mwanayo akupita. Lamulungu a Pilato analengeza m'tchalitchi ndi mawu omwe aja ankalamulira nawo othyola tiyi ali kapitawo ku esiteti, ndipo mpingo unakonza tsiku lotsanzikana naye.

Anapitanso pa kaunjika n'kusankha chijasi chakuda chaubweya, cholemera ngati bulangeti lonyowa, n'kuyenda nacho paphewa kudutsa msika wonse kuti aliyense afunse. Wofunsa aliyense ankauzidwa za kuzizira kwa ku Mangalande, ngati kuti iwo anabadwira komweko.

Lachisanu, kutatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike, Ireen anawapeza pakhonde.

“Ababa, ntchito ndapeza.”

“Ndikudziwa. Dziko lonse likudziwa.”

“Si ku Mangalande. Kumeneko akuti ndilembe kaye mayeso ena, ndidikirenso zaka ziwiri. Ndapeza ku chipatala cha mishoni ku Mozambiki, kupitirira pang'ono pa Milange.”

A Pilato anagogoda ndodo yawo pansi.

“Ku Milange? Kumene a Hudson amakapikula chimanga pa njinga?”

“Ndi dziko lakunja ndithu, Ababa. Pasipoti amadinda.”

“Nanga Chingerezi chovuta chija wakhala ukuyankhula ndi foni masiku onsewa?”

“Chinali Chipwitikizi. Koma chimene anditengera kwenikweni ndi Chilomwe. Odwala ambiri kumeneko sadziwa chiyankhulo china, ndipo madokotala ena onse amene anafunsira ntchitoyo amafuna womasulira.”

Apa mpomwe panawawa. Bambo awo a Pilato anachoka ku Mozambiki wapansi, akuthawa ntchito yaukapolo ya Apwitikizi, n'kudzagwira ina m'minda ya tiyi. A Pilato ali mwana anasekedwa kusukulu chifukwa cha kayankhulidwe kawo, ndipo atakula analetsa Chilomwe m'nyumba mwawo. Ireen anachiphunzira kumunda kwa mayi ake, bambo ali ku ntchito. Tsono zaka zonsezo za kumuphunzitsa mwana kuti apite kutali, mwanayo akubwerera kumene agogo ake anathawa! Komabe tinene zoona, chimene chinawavuta kwambiri tsiku limenelo sanali agogowo. Inali nkhope ya a Hudson, mkulu wa mpingo mnzawo, munthu amene akayamba kuseka amachita kugwira mtengo.

“Ntchito ukagwire,” anatero pomaliza. “Koma pano uchoke ngati wa ku Mangalande. Tikwera minibasi ya ku Blantyre anthu akuona. Pa Nkando titsika, tiwoloka msewu, tikwera ina yobwerera mpaka ku Muloza.”

“Yobwererayo idzera pomwe pano, Ababa.”

“Tidzawerama.”

Ireen anafuna kukana, koma anawamvera chisoni.

Mwambo unayenda bwino koposa. Kwaya inaimba, amayi analuluta, abusa anapempherera ulendo wonse osatchula dzina la dziko. A Pilato anayankhula kwa theka la ola za ndege. Mphatso zokha ndi zimene zinawadabwitsa. Amayi a chigwirizano anapereka neti ya udzudzu, achinyamata ambulera ya dzuwa, ndipo a Hudson anabwera ndi pampu ya njinga yokulunga bwino m'nyuzipepala.

“Anthu osayenda,” a Pilato ananong'oneza mwana wawo. “Ku Mangalande udzudzu ukautenga kuti?”

Lolemba m'mawa dzuwa la Okutobala linatuluka ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Anthu anawaperekeza mpaka pa siteji, Ireen atavala chijasi chija chifukwa bambo anaumirira, thukuta likuyenderera m'khosi. Minibasi itangonyamuka anachivula n'kuwapatsa eni ake. Pa Nkando anatsika, a Pilato anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, nawoloka msewu. Kondakitala wa minibasi ya ku Muloza anawalowetsa mpando wakumbuyo, pambali pa dengu la tomato.

Atadutsa pa Thuchila, a Pilato anayamba kusuzumira pawindo. Nyumba zodziwika zitayamba kuoneka, anapinda msana, n'kuika mutu pa mawondo, n'kudzifunditsa chijasi chonse.

“Iwenso werama!” anatero ali m'kati.

Ireen anangophimba nkhope ndi mpango. Minibasi inaima pa Chinakanaka, ndipo monga mwa chizolowezi cha minibasi, sinafulumire. Kondakitala anapita kukagula chinangwa chokazinga. Dalaivala anazimitsa injini n'kuyamba kukambirana za mpira ndi wogulitsa nthochi. M'kati mwa chijasi munali ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo chinkanunkha mankhwala a m'belo. A Pilato anayamba kuona tinyenyezi, koma analumbira mumtima kuti kuli bwino akomoke kusiyana ndi kudzutsa mutu.

Kenako wina anakwera, n'kudzipanikiza pampando womwewo. A Pilato anamva dzanja likugogoda pamsana pawo ngati pachitseko.

“Odi kuno ku Mangalande!”

Mawuwo anali a a Hudson. A Pilato anadzikulunga kwambiri m'chijasi. Mwina akanakhala chete mpaka ku Muloza, koma a Hudson anakweza kolala ya chijasi n'kusuzumira.

“Tulukani, achimwene, mungatifere. Adokotala, tawaonani bambo anuwa.”

Anatuluka atanyowa ngati agwera mu mtsinje. Ireen anawagwira pamkono kumva kugunda kwa mtima, n'kuwamwetsa madzi.

“Ndege... yasintha tsiku,” anatero a Pilato mofooka.

“Musavutike,” anatero a Hudson. “Mwezi watha ndinamuona mwanayu ndi maso angawa pachipatala chija, tsiku limene ankamufunsa mafunso a ntchito. Ndinali nditaperekeza mlamu wanga. Anamuyankhula mlamuyo m'Chilomwe, mpaka munthu wamkulu kulira. Njinga lero ndasiya dala kuti ndimuperekeze.”

“Mwauza ndani?”

“Mpingo wonse ukudziwa. Mumaganiza kuti pampu ija ndi yopopera ndege?”

M'minibasi monse munali phwete. Ngakhale mayi wa tomato, amene sankawadziwa n'komwe, anapukuta misozi ndi chitenje. A Pilato anakumbukira theka la ola lija, anthu akugwedeza mitu mwaulemu pamene iwo ankafotokoza mmene amamangira lamba mu ndege, ndipo anafuna kubwereranso m'chijasi.

“Nanga bwanji simunanene?”

“Munali mutagula kale chijasi,” anatero a Hudson. Ndipo chodabwitsa n'chakuti sanaseke. “Komanso, achimwene, ife tinakondwa. Ana athu onse ophunzira amapita kumene sitingawaone. Uyu bondo likandivuta ndipalasa njinga, pofika masana ndamupeza.”

Minibasi inanyamuka. Inadutsa m'minda ya tiyi imene a Pilato anagwiramo ntchito zaka makumi atatu, phiri lili kumanzere. Manyazi anali akadalipo, koma pansi pa manyaziwo panali china chimene sanachiyembekezere. Chikhalire anali asanafikepo pa Muloza, ngakhale kuti m'pafupi. Ankapazemba dala.

Pachipata cha malire panali piringupiringu wa njinga, matumba a chimanga ndi anthu osintha ndalama. Ireen anadinditsa pasipoti yake n'kubwera kudzatsanzika. A Pilato anayang'ana kutsidya. Mitengo ya mango inali yomweyo, fumbi lomwelo, amayi osenza mitolo ofanana ndi alongo awo.

Anatsokomola kawiri. Kenako anayankhula m'Chilomwe, chiyankhulo chimene chinali chisanatuluke pakamwa pawo kwa zaka makumi asanu. Chinatuluka chopindikapindika, moti a Hudson anayang'ana kumbali kuti asaseke. Anamuuza mwana wawo dzina la mudzi umene bambo awo anachokera, ndi dzina la mchemwali wa bambo awowo amene anatsala pamene ena ankathawa.

“Ukafunse odwala ako,” anamaliza m'Chichewa. “Mwina alipo ana ake. Ukawapeza, ukawauze kuti kwa Nakhumwa kunabadwa dokotala.”

Ireen anagwada pafumbi pomwepo n'kuwagwira dzanja, kenako ananyamula chikwama, neti, ambulera ndi pampu yake, nawoloka. A Pilato anamuyang'ana mpaka anasowa pakati pa njinga.

Pobwerera anakhala mpando wakutsogolo, pawindo, chijasi chili pamiyendo.

“Tsono chimenechi muchita nacho chiyani?” anafunsa a Hudson.

“Ndichisunga,” anatero a Pilato akupukuta m'maso. “Mwezi wa Juni ndikupita kukamuona mwana. Ndamva kuti kumayiko akunja kumazizira.”