Nsomba za Che Harun ndi Fayilo Yakale

Nsomba za Che Harun zinafa pakati pa sabata, ndipo pofika Lachisanu Domasi yense ankadziwa kuti wazipha ndi Eliza. Eliza wakeyo ndine.

Munali mu 1999. Ndinali mlangizi pa kabungwe kena kothandiza alimi a nsomba. Ntchito yanga inali kuyeza maiwe ndi madzi ake, n'kukalowetsa manambalawo mu kompyuta ya ku ofesi. M'menemo munali pulogalamu imene inkatiuza kuchuluka kwa laimu woti athire m'dziwe kuti madzi akomere nsomba. Kwa Che Harun ku Malemia ndinachita zomwezo. Laimuyo ndinamuyeza ndekha pa sikelo, ndinamuwazanso ndekha. Kutacha, makumba onse anali atayandama, mimba m'mwamba, dziwe lonse lili mbuu.

Che Harun sanandilalatire. Bola akanandilalatira! Anangokhala m'mbali mwa dziwe akutola nsomba zawo imodziimodzi, n'kunena kuti, "Pitani, alangizi, taona."

Koma anthu ena, abale! Ndikudutsa pa msika wa Naisi, mayi wina wogulitsa usipa anakuwa kuti, "Alangizi, dutsirani uko, usipa wangawu ungafe kachiwiri!" Msika wonse unafa nazo kuseka. Ine ndinabadwira konkuno, amayi anga amapemphera ku Domasi Mission, ndiye ndikanathawira kuti? Mlangizi amene alimi asiya kumukhulupirira ndi munthu wongotha nsapato pachabe.

Bwana wathu, a Morton, sanali munthu woipa, koma kompyuta ija ankaikhulupirira kuposa anthufe. "Kompyuta silakwa, Eliza. Amalakwa ndi munthu," ankatero. Ndinawaumirira mpaka analemba imelo kwa eni pulogalamuyo kunja. Yankho linabwera Lachisanu m'mawa: inde, apeza kuti pa maiwe ena aang'ono pulogalamuyo imasokoneza, aikonza, tikatenge yatsopano pa Intaneti pomwe tinatenga yakale paja.

"Tichite chonchi," anatero a Morton. "Yatsopanoyi ikatipatsa nambala ina, ndikapepesa ndekha kwa Che Harun. Koma ikatipatsa yomweyo, ndiye kuti nambala inali yolondola, dzanja lanu ndi limene linapyola muyezo. Zikatero ndilibe mokutetezerani."

Ndinavomera. Ndinkadziwa zimene ndinayeza ine.

A Morton analumikiza kompyuta ku foni. Kabokosi kamene kamalumikiza ziwirizi kanalira mwa masiku onse, tswiii khrrr, tsamba la eni pulogalamu n'kutseguka. Asanadine kalikonse, makaniko anawaitana panja kuti akaone njinga yamoto ya bungwe. Anachedwa kumeneko, ine ndili chikhalire, mtima uli m'mwamba. Atabwerako anadina. Kuphethira kamodzi, fayilo yafika. Anaiika mu kompyuta, analowetsa miyezo yanga ija, ndipo panatuluka nambala yomwe ija. Yomweyomweyo!

"Tengaininso, bwana."

Anaitenganso. Yomweyo.

"Eliza, basi. Makinawa akunena kawiri konse."

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti makina awowo sanapondepo m'matope, kuti ine sikelo ndinayamba kuigwira ndikugulitsa mpunga ndi amayi anga iwo asanaione kompyuta ndi maso. Zina zimene ndinanena sindingazibwereze pano. Ndinamenyetsa chitseko, cholinga ndikatenge jombo zanga ndizipita kwathu.

M'chipinda chakutsogolo ndinapeza Zuwena, sekilitale wathu, atavula nsapato, miyendo ili pa katoni, foni ili pakhutu. Ankaseka ndi mkulu wake wa ku Liwonde nkhani ya nsalu za pa chinkhoswe. Ukali wanga wonse unathera pa iye.

"Achemwali, anzanu tikuchotsedwa ntchito, inu muli kakaka pa foni!"

Nditangotero ndinaima. Pa ofesi ija panali chingwe chimodzi chokha cha foni. Munthu akamaimba, kompyuta sinkalumikizika. Kompyuta ikalumikizidwa, munthu sankaimba.

"Zuwena, mwayamba liti kuimba?"

Anatseka foni ndi dzanja, maso ali tong'o. "Bwana atangotuluka kukaona njinga ija. Ndinanyamula ndinamva ziphokoso, ndiye ndinaika pansi n'kuimbanso. Ndalakwa?"

"Nthawi yonseyi simunaike pansi?"

"Iii, nsalu zake n'zambiritu."

Ndinabwerera kwa a Morton osagogoda.

"Bwana, foni ili pakhutu pa Zuwena chitulukireni inu paja. Fayilo yanuyo yadzera pati? Pawindo?"

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"Komanso mwezi watha, potenga yakale ija, sitinadikire mpaka tinakadya masana n'kubwerako? Lero yathamanga chotani?"

A Morton anawerama n'kuyang'ana kabokosi kaja. Timagetsi take tosonyeza kuti talumikizidwa tinali titazima. Kenako anavula magalasi n'kupukuta kumaso ndi chikhatho.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndi kashi."

Ndinati andiuze m'Chichewa, ine za kashi sindidziwa. Anafotokoza kuti burawuza, pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa Intaneti, ili ndi kankhokwe kake komwe imasungamo zimene inatengapo kale. Iwo eni anaitchera kuti isamafunsenso kunja ngati kuli zatsopano, poopa bilu ya foni. Tsono eni pulogalamu aja fayilo yatsopano anaipatsa dzina lomwe lija la yakale. Ife tikadina, burawuza inkangopisa m'nkhokwemo n'kutipatsa yakale yomweyo. Kunjako sinkapitako n'komwe.

"Ndiye mumandiweruza ndi mboni yomwe inapha nsombayo?" ndinafunsa.

Anakhuthula nkhokwe ija, nauza Zuwena kuti aike foni pansi, n'kulumikizanso kompyuta. Ine sindinafune zamwayi. Ndinakatenga foniyo n'kuikhalira pafupi, dzanja langa lili pamwamba pake. Akanati ayerekeze munthu kuikhudza tsiku limenelo!

Ulendo uno fayilo inabwera mokwawa. Kamzere ka pa sikirini kankasuntha pang'onopang'ono ngati munthu wosenza thumba la chimanga pachitunda. Ndipo ndinene zoona, apa m'pamene mantha anandigwira kwenikweni. Nanga yatsopano yeniyeniyo ikatulutsanso nambala yomweyo? Ndinayamba kudzikayikira ndekha. Kodi sikelo ija ndinaiwerenga bwino? Zuwena anandibweretsera tiyi, anazizira osamukhudza.

Itafika, a Morton anati ndilowetse ndekha miyezo. Ndinalakwitsa, n'kufufuta, n'kuyambiranso. Ndinadina.

Nambala imene inatuluka sinafike ndi theka lomwe la yoyamba ija.

Ndinangokhala pa thumba la madeya lomwe linali pakona, n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, ine amene ndinkalalata posachedwapa. Mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba sabata yonse ija. Zuwena ankandisisita pamsana akuti, "Mwaonatu, macheza anga aja ndi othandiza." Ndinaseka misozi ili m'masaya.

A Morton anaimirira n'kutenga makiyi a njinga. "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Tiyeni, Eliza."

Tinafika ku Malemia masana, anthu atangobwera ku mzikiti. Che Harun anali pa dziwe lawo lopanda nsombalo ndi alimi anzawo angapo. A Morton anavula chipewa n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve. Anati mlangizi anayeza bwino, anathira zimene anauzidwa. Cholakwa chinali cha pulogalamu ya ku ofesi, ndipo iwo monga bwana analakwa pomukayikira. Analonjeza kuti bungwe litsuka dziwelo n'kubweretsa mbewu ina ya nsomba.

Che Harun anamvetsera mpaka pamapeto, osagwedeza ndi mutu womwe. Za kompyuta sanafunse kanthu. Anayang'ana madzi kwa nthawi, kenako anatembenukira kwa ine, koyamba chifereni nsomba zija.

"Kumunsi uko ndikufuna ndikumbe lina mvula isanayambe. Alangizi, chingwe chanu choyezera mwabwera nacho?"

Ndinalibe. Chinatsala ku ofesi pamodzi ndi jombo. Ndinavula nsapato zanga za ku ntchito, kuwapatsa a Morton kuti andigwirire, n'kutsetserekera m'matopemo kukayeza ndi mapazi.