Amana ya Atate ku Matero

Mpaka Loweruka lapitali ndinali ndisanauzepo munthu kuti tsiku limene atate anapita kwa loya m'tauni, ine ndinali nawo. Ndine ndinkawamasulira, chifukwa Chizungu chawo chinkathera pa mayina a nsalu. Ndinali mu giredi seveni.

Chaka chimenecho khonsolo inkagulitsa nyumba kwa anthu okhalamo. Atate anagula yathu ya ku Matero ndi ndalama zimene anawapatsa fakitale ya zovala itatsekedwa, salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, atadzaza m'misika. Koma chifuwa chinali chitawagwira kale, ndipo abale awo ankawadziwa bwino. Msuweni wawo atamwalira ku komboni ya George, abalewo anatenga chilichonse, ngakhale mbaula makala asanazime.

Tinapita ndi ba Majidi, mnzawo wa kumzikiti amene ankagulitsa mabatani ndi ulusi. Loyayo anali mayi wamagalasi, ba Hilda. Ankayankhula pang'onopang'ono kuti ine ndisasochere.

"Uwauze kuti dzina papepala lidzakhala la ba Majidi, koma nyumba si yawo. Iwo ndi osunga chabe. Sangaigulitse, sangadyepo. Lendi ya zipinda zakumbuyo ndi ya sukulu yako, ndipo ukadzakula ayenera kukupatsa nyumbayo."

Anati zimenezi pa lamulo amazitcha trasiti. Atate anamwetulira. "Kwathu timati amana." Ba Majidi anaika dzanja pachifuwa n'kulumbira m'dzina la Mulungu, misozi ili m'maso. Nanenso ndinalira.

Mu minibasi pobwerera atate anandinong'oneza kuti, "Thuwaiba, usawauze amako. Mtima wawo ndi wofewa, alamu awo akangowakalipira adzaulula. Aliyense aziganiza kuti nyumba ndinagulitsa."

Nzeru yawoyo inagwira. Pamaliro a atate abale anatenga makina osokera, matiresi ndi wailesi, koma ba Majidi atawaonetsa dzina lawo papepala, nyumba anaisiya akung'ung'udza. Vuto ndi lakuti amayi nawonso anakhulupirira. Kuyambira pamenepo ankawagwadira ba Majidi pakhomo pathu pomwe, kuwathokoza kuti akutisunga ulere. Pa Idi nyama yabwino inkapita kwawo. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Ndinkati mwina ba Majidi nawonso akungosunga chinsinsi, ngati ine.

Lendi ankatolera okha. Nditakhoza giredi naini anati ndalama ya giredi teni palibe. "Mwana wamkazi naini yakwana," anatero akuseka, "ufuna ukhale minisitala?" Anzanga ankadutsa pamsewu wathu ndi yunifomu yatsopano, ine ndikubisala kuseri kwa chitseko. Apo ndiye ndinayenera kuyankhula, ndikudziwa. Koma ine ngakhale m'kalasi dzanja sindinkakweza, ndipo mawu a atate anali akadali m'khutu.

Loweruka lapitali masana ba Majidi anabwera ndi mwamuna wina wa nsapato zosongoka, ba Moven, amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni. Munthuyo sanapereke n'komwe moni. Anayamba kuyeza bwalo ndi mapazi, n'kugogoda khoma la kuchipinda kwanga.

"Apa tizagwetsa, pazankhala shopu. Mtengo wa mapeyala uyu uchoke."

Amayi anawayalira mphasa pakhonde. Ba Majidi anakhala, n'kuvula chipewa, nkhope ili yachisoni ngati ya tsiku lija kwa loya.

"Ba mlamu, vinthu vavuta. Imwe muziba, nakusungani na mtima umozi. Manje nyumba yanga iyi nagulisa. Koma musade nkhawa, nakupezerani ka rumu ku Misisi, kabwino, pafupi na pompi."

Ndinadikira kuti amayi akalipe. Sanatero. Anagwada, manja ali pamodzi.

"Mwatichitira zambiri, bambo. Mulungu akudalitseni."

Mawu amenewo ndi amene anandiwotcha, kuposa a ba Majidi. Amayi anga kuthokoza munthu amene akuwaba! Ndiye ba Majidi anandiona nditaima pachitseko.

"Iwe kachete, bweretsa tiyi ya alendo. Uyu mwana ngati alibe lilime, ba Moven, simuzamumva olo mungamuponde."

Anaseka onse awiri. Ndinalowa kukhitchini, ndinanyamula ketulo, kenako ndinaibweza pambaula. Ndinapepesa atate mumtima, chifukwa anthu amene ankawaopa aja si amene anali pakhonde.

Nditatuluka sindinawayang'ane ba Majidi, ndikanalephera. Ndinagwada pafupi ndi amayi n'kuwagwira mkono. Mawu anatuluka aang'ono, koma ba Moven anasiya kugogoda khoma.

"Amayi, dzukani. Atate sanagulitse nyumba ino. Anangowasungitsa ba Majidi kuti idzakhale yanga, ndipo alibe mphamvu yoigulitsa. Ine ndinalipo, ndine ndinamasulira. Ofesi ya loyayo ndikuidziwa, Lolemba tipite."