Msewu Umene Unakhota M'buku

Chipumireni pa ntchito, bambo wina wopima misewu ankawerenga chilichonse ali ndi pensulo kukhutu, rula pambali. Mwana wawo wamkazi atawabweretsera buku la nkhani yopeka, iwo anati nkhani za "zikanakhala kuti" ndi za anthu osowa chochita. Komabe analitsegula.

Wolembayo anatenga dziko lawo lomwelo n'kulipatsa mbiri ina. Ufulu unabwera msanga, likulu linamangidwa kumapiri, ndipo nduna zinkapita kuntchito pa basi. Pa basi, ati! Anaseka mpaka kutsokomola. Koma pa mutu wachisanu kuseka kunatha. M'bukumo msewu waukulu unalambalala tauni ya m'munsi mwa phiri, osagwetsa nyumba ngakhale imodzi.

Msewu weniweniwo anaupima ndi iwowo, zaka makumi atatu zapitazo. Unadutsa pakati penipeni pa tauniyo, ndipo imodzi mwa nyumba zimene zinagwetsedwa inali ya mlongo wawo wamkulu. Kuyambira pamenepo yankho lawo linali limodzi: "Panalibe podzera pena." Ubale wawo ndi mlongoyo unatsamira pa mawu amenewa.

"Wolemba ameneyu sanagwirepo tepi yopimira," anang'ung'udza. Anatsitsa mapu akale pamwamba pa kabati, n'kuyamba kuwerengetsa kutsetsereka kwa phirilo kuti amugwire bodza. Anabwereza katatu, tiyi mpaka kuzizira. Msewu wa m'bukuwo unkatheka ndithu, pongowonjezera makilomita awiri ndi kamlatho kamodzi. Nthawi ijayo sanayese n'komwe. Mabwana ankafuna mzere wowongoka tsiku lotsegulira lisanafike, ndipo iwo, pofuna kutamidwa, anaujambula. Manyazi anawagwira zedi.

"Bukulo mwaliona bwanji, ababa?" anafunsa mwana uja.

"Lanama mwambiri," anayankha akuvala jekete. "Koma penapake wanama ndine."

Atafika kwa mlongo wawo, anamupeza akusita m'kachipinda kake kuseri kwa shopu. Bambowo anayala mapu aja pabedi.

"Achemwali, podzera pena panalipo."

Mayiyo mapuwo sanawayang'ane n'komwe. Anaimika simbi, n'kupinda malaya mosathamanga.

"Woyendetsa thirakitala anandiuza tsiku logwetsa nyumba lomwelo, achimwene. Zaka zonsezi ndimadikira kuti ndimve kwa inu."