Chisankho Sanalize Wezulo

Chisankho atatsika minibasi ya ku Area 25, anawapeza Abambo Gilford ataima pageti la koleji, atavala kale yunifomu yawo ya oyimbira masewero.

"Wachedwatu, mwana wanga. Kapena umayimbira mbuzi za ku Mgona panjira?"

Chisankho anaseka, koma mtima unali m'mwamba. Kwa zaka zinayi ankayimbira basiketibolo ya ana a sekondale pabwalo long'ambika la kwawo, yekhayekha. Lero kanali koyamba kuyimbira masewero a makoleji. Amayi Zipora, amene amasankha oyimbira, anali atakhala kale pambali pa bwalo ndi kope lawo. Iwowo akakukana, basi, ubwerere kwa ana.

"Tamvera," anatero Abambo Gilford, amene anamuphunzitsa ntchitoyi. "Akunowa ndi zimphona, si tiana tako tija. Usamalondole mpira ndi maso, mpira suchita faulo, yang'ana anthu. Kochi akakalipa, umuyankhe kamodzi kokha. Ndipo chimene waona, liza. Usandidikire ine."

"Ndamva, abambo."

"Usandidikire," anabwereza mawuwo, akutikita diso lakumanzere.

Masewero anayamba bwino ndithu. Chisankho analiza molimba, makochi n'kumangong'ung'udza chapansipansi. Koma kutatsala mphindi zitatu kuti athe, wosewera wina wamtali, dzina lake Yaseen, analumpha kuti aponye, mnzake wa timu ina n'kumuthira chigongono pakamwa. Dala, osati mwangozi ayi.

Chisankho anaona zonse. Wezulo anali nayo pakamwa, mpweya atakoka kale. Koma zinachitikira pafupi ndi Abambo Gilford, mapazi awiri okha chakumanzere kwawo. Iye ndani kuti alize pamaso pa munthu amene anayamba kuyimbira iye asanabadwe? Kwawo analeredwa kuti mkulu akakhalapo, mwana sayamba kulankhula. Anadikira.

Abambo Gilford sanalize.

Yaseen anagwa atagwira pakamwa, magazi akutuluka pakati pa zala. Dzino lake linali pasimenti. Bwalo lonse linaphulika.

"Refa wakhungu! Mwamutola kuti ameneyu?"

Onse ankaloza Chisankho, mlendo. Mkulu uja panalibe womunena.

Masewero atatha, Amayi Zipora anawaitana onse awiri pansi pa mtengo wa mango.

"A Gilford, munali kuti?"

"Ananditchinga wosewera wina, amayi."

Chisankho anawayang'ana. Panalibe amene anawatchinga, iye anaona yekha.

"Nanga iwe, unaiona faulo ija?"

"Ndinaiona."

"Ndiye?"

"Ndimati abambo aliza."

Amayi Zipora anatseka kope pang'onopang'ono. "Ukanati sunaione, ndikanakumvetsa, maso amaphonya. Koma kuona n'kungokhala chete? Ayi, sindingakupatse ana a eni. Bwerera kusekondale."

Chisankho anatola chikwama chake n'kunyamuka. Zaka zinayi zodzuka mbandakucha, kusesa bwalo, kuloweza malamulo pamsika uku akuwathandiza mayi ake kugulitsa tomato, zonse zinathera pansi pa mango paja. Zinamuwawa zedi.

Ali pasiteji ya minibasi, Abambo Gilford anamupeza. Anaima pambali pake.

"Sananditchinge munthu," anatero. "Diso ili lachita ng'ala kuyambira chaka chatha. Mbali iyi ndimangoona utsi. Ndine ndinawapempha Amayi Zipora kuti akukweze, uziyimbira ndi ine. Ndimafuna maso akowo."

"Aaa, abambo! Ndiye osandiuza bwanji?"

"Sindinakuuze kuti usandidikire?"

"Simunandiuze chifukwa chake! Bwanji osawauza amayi aja panopa?"

Mkuluyo anayang'ana pansi.

"Zaka makumi atatu, mwana wanga. Kwathu ku Biwi konse dzina langa ndi Refa. Akazi anga anapita, ana ali kutali. Akandilanda wezulo, Loweruka ndizidzukira chiyani?"

Chisankho anatembenuka. Galimoto ya Amayi Zipora inali ikadali pageti, eni ake akulongedza mipira kumbuyo. Akanangowoloka msewu n'kunena mawu awiri, dzina lake likanabwerera m'kope muja. Anadziwanso kuti Loweruka likubweralo Abambo Gilford adzaimanso pabwalo ndi utsi wawowo, ndipo mwana wina adzalumpha kumanzere kwawo.

Anawayang'ana. Imvi, nsapato zosokedwa kawiri, diso lotuwa limene tsopano ankaliona bwinobwino.

"Twente-faifi! Twente-faifi, mmodzi yekha!" anakuwa kondakitala.

Chisankho anavula wezulo m'khosi n'kuponya m'chikwama. Anapinda bondo pang'ono, monga anamuphunzitsira mayi ake.

"Muyende bwino, abambo."

Anakwera n'kukhala pampando wakumbuyo. Minibasi itadutsa pageti, Amayi Zipora anali akutseka buti ya galimoto yawo. Misozi inayamba kutsika, ndipo Chisankho sanaipukute. Kachiwiri tsiku lomwelo, anali ataona zonse n'kukhala chete.