Makina Opanda Pulagi

Chaka chimene matipate analowa, mapolo a magetsi anafika kuseri kwa msika wa Mponela, mpaka pamudzi pomwe Kalebe anakwatira. Kalebeyo anali kalipentala, mkamwini wochokera kumapiri a Ntchisi, munthu woti akanena wanena. Atagula makina awiri akale, ocheka ndi opala matabwa, ku esiteti ina ya fodya yomwe inkatsekedwa, anaitana Abrahamu wa zamagetsi kuti adzaone modutsa mawaya m'shedi ya kuseri kwa nyumba.

Koma Kalebe ankadziwa zimene thupi lake linkamuuza. Chifuwa chinali chitakana mankhwala, lamba naye ankangomuboola mabowo atsopano. Abale akenso ankawadziwa bwino. Tsiku lomwe adzatsinzine, iwo adzatsika ku Ntchisi ndi ngolo, ndipo chilichonse chonyamulika adzati n'cha m'bale wawo. Nyumba ndi zonse zomangidwira kumodzi ndi nyumbayo sangakhudze, poti malowo ndi a kuchikazi. Ndiye mkazi wake Roza, mayi ake a Hana, amene ankapala thabwa kuposa amuna ambiri, adzatsale ndi utuchi? Ayi ndithu!

Abrahamu anatenga khala nayamba kulemba pakhoma. "Soketi imodzi pano, ina apo. Mukafuna kusuntha makina, mungozula pulagi basi."

"Pulagi ayi, achimwene," anatero Kalebe. "Makina alionse akhale ndi waya wakewake wonenepa, ndi fyuzi yake. Wayayo adutse m'paipi, paipiyo mukwirire m'khoma, itsike pansi, ikatulukire m'makina mwenimwenimo. Miyendoyi ndiimanga ndi mabawuti, ndithire konkire pamwamba."

"Aaa! Nanga mukadzafuna kusamuka?"

"Asamuke ndani? Awa akhazikika pompano."

Abrahamu anaseka, koma atayenda uku ndi uko anavomera. Waya wobisika makoswe samutafuna, thabwa silimukola, utuchi sumufika. Anawonjeza zake: mababu akhale pa waya wapadera, kuopa kuti angamaphethire makina akadzuka, ndipo chitsulo chimodzi achikhomere m'nthaka panja kuti magetsi akathawa asagwire munthu. Kalebe ankangogwedeza mutu, mtima uli mbee. Anali asanasangalalepo chotere chiyambire kudwala.

Kenaka inafika nkhani ya swichi yaikulu, yozimitsira zonse pakachitika ngozi. Abrahamu anamuyang'ana Kalebe, munthu wamtali ngati polo, nalemba chizindikiro pakhoma molingana ndi phewa lake.

"Mwakweza," anatero Kalebe. Anatulutsa mutu pakhomo. "Mayi a Hana! Tabwerani muime apa."

Roza anabwera akupukuta manja pachitenje. Anali wamfupi, mutu wake sunkafika n'komwe pachizindikiropo.

"Tambasulani dzanja ngati mukuzimitsa mofulumira," anatero Kalebe.

Anatambasula, uku akuseka. "Zamasewera zanji izi, ine ndili ndi zochapa?" Kalebe analanda khala kwa Abrahamu nalemba pomwe panathera zala za mkazi wake.

Roza anayang'ana chizindikiro chatsopanocho, anayang'ana mabawuti ali mbwee pansi, kenaka mwamuna wake. Kuseka kunatha. Kalebe anaona kuti mkazi wake wamvetsa zonse.

"Nanga inu, bambo a Hana, muzichita kuwerama?"

"Ndiziwerama," anatero Kalebe, akusasa makala m'manja. "Si kwa nthawi yaitali. Achimwene, boolani pamenepo."